Timu ya SD Worx idakwera bwanji, nanga Tour de France ya 2024 idaitaya bwanji ndi masekondi 4?

FUNSO: Ndangoyamba kumene kutsatira mipikisano ya njinga zakapalasa ya amayi, ndipo dzina limene ndikungolimva ndi SD Worx. Ena akuti palibe timu yoiposa, ena akuti idataya Tour de France ya 2024 chifukwa chosagwirizana. Timuyi idachokera kuti? Komanso, poti wopambana amakhala munthu mmodzi, timu ntchito yake n'chiyani?

YANKHO: Onsewo akunena zoona, ndipo chimene chidaikweza timuyi n'chomwenso chidaipunthwitsa mu 2024. Kuti zimveke bwino, ndiyambe ndi funso lanu lomalizalo.

Pa msewu wopanda zitunda, mdani wamkulu wa wopalasa ndi mphepo. Munthu akafika pa liwiro la makilomita 40 pa ola, mphamvu zake zambiri zimathera pokankha mpweya umene uli kutsogolo kwake. Amene wabisala kumbuyo kwa mnzake, tayala lake lakutsogolo litangotsala pang'ono kugunda lakumbuyo la mnzakeyo, amasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, ndipo amene ali pakatikati pa chigulu chachikulu, chija Afalansa amati peloton, amasunga zoposa pamenepo. Masewero onsewa agona pa mfundo imeneyi. Pa mpikisano wa tsiku limodzi timu imalowetsa opalasa 6, pa Tour de France Femmes imalowetsa 7, ndipo ambiri mwa iwo amadzuka m'mawa akudziwiratu kuti lero si lawo. Ntchito yawo ndi kumutchinga mtsogoleri ku mphepo, kubwerera ku galimoto ya timu kukatenga mabotolo a madzi n'kuwalonga m'jezi, kumukokera mtsogoleriyo kutsogolo chitunda kapena msewu wopapatiza usanafike, ndi kulondola aliyense wa timu ina amene wathawa chigulu. Tayala la mtsogoleri likaphulika galimoto ili kutali, amamupatsa njinga yawo iwo n'kutsala chilili m'mbali mwa msewu. Amatchedwa domestique, liwu la Chifalansa lotanthauza wantchito wapakhomo. Ku timu mwafunsayi, amene adasenza ntchito imeneyi kuyambira 2014 mpaka 2024 ndi Christine Majerus wa ku Luxembourg, ndipo zikho zambiri zolembedwa mayina a anthu ena zili ndi thukuta lake.

Kumbuyo kwa chigulu kumayenda mdipiti wa magalimoto. M'galimoto ya timu mumakhala mphunzitsi ndi makaniko, pamwamba pake atakweza njinga zapadera. Wopalasa aliyense amakhala ndi kawailesi m'thumba la kumsana ndi kachomvera m'khutu, ndipo mphunzitsi amamuuza za mphepo, za chitunda chikubwera, ndi masekondi amene othawa ali nawo. Musunge za kawailesika, tidzabwererako.

Timuyi ndi ya ku Netherlands. Idayamba mu 2010 ngati katimu kakang'ono kotchedwa Dolmans Landscaping Team, dzina la kampani yokonza minda ya maluwa ndi kapinga ya m'chigawo cha Limburg. M'masewero a njinga mulibe bwalo ndipo mulibe ndalama za pachipata, anthu amangoima m'mbali mwa msewu n'kuonera ulere. Timu imadya za makampani oithandiza basi, n'chifukwa chake dzina limasintha wothandiza akasintha. Kampani yobwereketsa makina ndi zida zomangira ya Boels italowa, timuyi idadzatchedwa Boels-Dolmans kuyambira 2013 mpaka 2020, kenako SD Worx mu 2021, ndipo kuyambira 2024 ndi SD Worx-Protime. Ndi timu imodzi yomweyo.

Zinthu zidatembenuka mu 2013. Timu ina ya ku Netherlands, AA Drink-leontien.nl, idatha kumapeto kwa 2012, ndipo mphunzitsi wake Danny Stam adasamukira ku Boels-Dolmans pamodzi ndi Lizzie Armitstead wa ku Britain, amene adali atangopata mendulo ya siliva pa Olimpiki ya ku London. Masiku amenewo wolamulira msewu adali Marianne Vos ndi timu yake yothandizidwa ndi Rabobank. Stam sadafunefune Vos wachiwiri. Adayamba kusonkhanitsa anthu angapo oti aliyense payekha angathe kupambana mpikisano waukulu. Mu 2014 adabwera Ellen van Dijk, amene chaka chomwecho adapambana Ronde van Vlaanderen, mpikisano waukulu wa tsiku limodzi wa ku Belgium, atathawa yekha, komanso Megan Guarnier wa ku America. Mu 2015 adabwera Chantal Blaak ndi Evelyn Stevens. Pofika 2016 zipatso zidaoneka: Armitstead adatenga Strade Bianche ndi Ronde van Vlaanderen, Blaak adatenga Gent-Wevelgem, Guarnier adatenga Giro, mpikisano wa masiku angapo wa ku Italy, komanso ukatswiri wa chaka choyamba cha Women's WorldTour, mndandanda wa mipikisano ikuluikulu ya amayi ya chaka chonse, Stevens adapalasa makilomita 47.980 pa ola limodzi n'kuswa mbiri ya dziko lonse, ndipo ku Doha timu yonse idapambana mpikisano wa dziko lonse umene matimu amanyamuka paokhapaokha n'kumalimbana ndi wotchi.

Mpikisano wa ukatswiri wa dziko lonse anthu amapalasa m'majezi a mayiko awo, koma wopambana amavala jezi yoyera ya mizere ya utawaleza chaka chathunthu ku timu imene imamulipira. Jezi imeneyi idakhala m'nyumba ya Boels-Dolmans zaka zinayi zotsatizana, pa misana ya anthu anayi osiyana: Armitstead ku Richmond mu 2015, Amalie Dideriksen wa ku Denmark ku Doha mu 2016 ali ndi zaka 20 zokha, Blaak ku Bergen mu 2017, ndi Anna van der Breggen ku Innsbruck mu 2018.

Tsono ubwino wokhala ndi akatswiri angapo ndi wotani, poti mzere womaliza amadutsa woyamba ndi mmodzi? Tiyerekeze kuti kwatsala makilomita 10 ndipo kutsogolo kwatsala anthu 6, awiri mwa iwo a timu imodzi. Mmodzi wa awiriwo athawa. Anayi a matimu ena aja ayenera kumulondola, ndipo wolondola ndi amene amadya mphepo. Mnzake wa wothawayo sagwira ntchito iliyonse, amangokhala kumbuyo kwawo akupuma. Akamugwira wothawayo, wopuma uja nayenso athawa nthawi yomweyo, anzawo ali wefuwefu. Akapanda kumugwira, chikho chapita. Ndipo pali china chimene chimawafooketsa olondolawo: aliyense amaopa kuti akadzipereka kwambiri, angomunyamula wopuma uja mpaka pa mzere kuti akamupose pa liwiro. Amayamba kuyang'anana, liwiro limatsika, mpata umakula. Mu Epulo 2017, Van der Breggen atangofika kuchokera ku Rabo-Liv, timu ija ya Vos, ali ndi golide wa Olimpiki ya ku Rio, njira imeneyi idaoneka poyera m'sabata imodzi. Pa Amstel Gold Race, Flèche Wallonne ndi Liège-Bastogne-Liège, woyamba adali Van der Breggen ndipo wachiwiri adali Armitstead, amene apa n'kuti atakwatiwa ndipo akutchedwa Lizzie Deignan. Kasia Niewiadoma wa ku Poland adakhala wachitatu konseko, atapanikizika pakati pa anthu awiri ovala jezi yofanana.

Van der Breggen ndi woyenera kumuimira pang'ono. Flèche Wallonne imathera pamwamba pa chitunda chotchedwa Mur de Huy ku Belgium, chotalika makilomita 1.3, chimene pa mamita 100 alionse chimakwera pafupifupi mamita 10, ndipo pokhota pena chimaposa kawiri pamenepo. Cholakwa cha ambiri pa chitunda chimenechi ndi kuphulika msanga. Miyendo imadzaza ululu kusanathe, ndipo pa mamita 150 omaliza munthu amangogwedezeka pa njinga ngati waledzera. Van der Breggen ankakwera atakhala pa chishalo, n'kumawonjezera liwiro pang'onopang'ono mpaka anzake kuthothoka mmodzimmodzi. Adapambana pamenepo kasanu ndi kawiri motsatizana, kuyambira 2015 mpaka 2021, maulendo asanu mwa amenewa ali ku timu ino. Adatenganso Giro mu 2017, 2020 ndi 2021 kuwonjezera pa ya 2015, ndipo ku Imola mu 2020 adatenga majezi onse awiri a utawaleza, ya mpikisano wolimbana ndi wotchi ndi ya mpikisano wa onse pamodzi.

Ngakhale zinthu zinkayenda chotere, timuyi idatsala pang'ono kukhala pa mphepo. Mu 2020 bungwe loyendetsa masewero a njinga pa dziko lonse la UCI lidakhazikitsa gulu lapamwamba la matimu a amayi, lokhala ndi malamulo a malipiro ochepetsetsa ndi tchuthi cha uchembere. Malipirowo adayambira pa mayuro 15,000 pa chaka mu 2020, adafika 27,500 mu 2022, ndipo mu 2025 adali 38,000. Kuti timu ilowe m'gululi inkayenera kuonetsa kuti ili ndi ndalama za zaka zingapo kutsogolo, koma Boels ndi Dolmans adali atanena kale kuti 2020 ndi chaka chawo chomaliza. Motero timu yoposa onse sidali nawo pa matimu 8 oyamba a gululo. Idapulumuka chifukwa cha SD Worx, kampani ya ku Antwerp ku Belgium yoyendetsa za malipiro a antchito a makampani ena, imene idatenga dzina la timuyi kuyambira 2021.

Kwa ife a kuno ku Africa, zaka za 2021 ndi 2022 zili ndi kanthu kena. Ashleigh Moolman-Pasio wa ku South Africa adapalasira timuyi zaka ziwiri zimenezi. Pa Giro ya 2021, mpikisano wogawidwa m'zigawo za tsiku ndi tsiku, adapambana chigawo cha pa phiri la Matajur ndipo adamaliza wachiwiri pa mpikisano wonse, pakati pa Van der Breggen woyamba ndi Demi Vollering wachitatu, onse a timu imodzi. Mu 2022 adapambana Tour de Romandie ku Switzerland. Adachoka kupita ku timu imene akanakhala mtsogoleri payekha, ndipo ameneyu si munthu woyamba kapena womaliza kuchoka pa chifukwa chimenechi. M'nyengo yomweyi timuyi idaonanso tsoka lalikulu. Mu Disembala 2021 Amy Pieters, katswiri wa ku Ulaya wa 2019, adagwa akuchita zokonzekera ku Spain n'kuvulala kwambiri mu ubongo. Adakhala miyezi ali chikomokere ndipo sadabwererenso pa mpikisano.

Van der Breggen adasiya kupalasa kumapeto kwa 2021 n'kulowa m'galimoto ngati mphunzitsi. Malo ake adatenga Vollering, kenako mu 2022 adabwera Lotte Kopecky wa ku Belgium ndi Marlen Reusser wa ku Switzerland, ndipo mu 2023 adabwera Lorena Wiebes, waliwiro la mtondo wadooka pa mamita 200 omaliza. Chaka cha 2023 timuyi idapambana maulendo oposa 60. Kopecky adatenga Ronde van Vlaanderen kachiwiri ndi jezi ya utawaleza ku Glasgow, Reusser adatenga Gent-Wevelgem, Vollering adabwereza zija za Van der Breggen zotenga mipikisano itatu ya mu Epulo. Pa Tour de France Femmes, Kopecky adavala masiku 6 jezi yachikasu, imene amavala wotsogola pa mpikisano wonse, Vollering adamulanda pa phiri la Tourmalet, lotalika mamita 2,115, ndipo Vollering adamaliza woyamba, Kopecky wachiwiri. Tsiku lomaliza ku Pau, pa mpikisano wolimbana ndi wotchi, malo atatu oyamba onse adali a SD Worx.

Koma ming'alu idayamba kuoneka chaka chomwecho. Pa Strade Bianche, mpikisano wa m'misewu ya fumbi yoyera ya ku Toscana, Vollering ndi Kopecky adafika awiriwiri m'bwalo la Piazza del Campo ku Siena, ndipo m'malo mogwirana manja adalimbana mpaka pa mzere, moti wopambana adachita kudziwika ndi chithunzi. Adali Vollering, koma nkhope zawo sizidali za anthu okondwa. Palibe amene adawauza kuti lero ndi la yani. Pa Vuelta ya ku Spain, Vollering ali mtsogoleri wa mpikisano adaima ndi anzake kukataya madzi pamalo pamene mphepo idali pafupi kuwomba cham'mbali. Mphepo ya m'mbali imadula chigulu m'zidutswa, chifukwa malo obisalira amakhala cham'mbali mwa mnzako ndipo msewu umatha msanga. Timu ya Movistar idakoka, Vollering adataya nthawi yoposa mphindi, ndipo ngakhale mawa lake adapambana pa Lagos de Covadonga, Annemiek van Vleuten wa Movistar adatenga mpikisano wonse ndi masekondi 9. Pa Tour yomwe adapambana ija, Vollering adalangidwa masekondi 20 chifukwa chobisala kumbuyo kwa galimoto ya timu tayala litamuphulikira, ndipo Stam adathamangitsidwa pa mpikisanowo chifukwa cha kayendetsedwe ka galimotoyo.

Apa mpofunika kusiyanitsa mitundu iwiri ya mipikisano. Pa wa tsiku limodzi, zilibe kanthu kuti wapambana ndani bola ndi wa timu yanu, choncho akatswiri ambiri ndi chuma. Pa wa masiku angapo, wopambana ndi amene nthawi yake ya masiku onse ikaphatikizidwa ndi yochepa kuposa ya ena. Sekondi imene mtsogoleri wataya Lachinayi imamutsatira mpaka Lamlungu. Pamenepa pamafunika kuti onse 6 akhale antchito a munthu mmodzi, ndipo munthu amene adazolowera kupambana savomera msanga kutaya mwayi wake.

Tour de France Femmes ya mu Ogasiti 2024 idayambira ku Rotterdam. SD Worx idalibe Kopecky, amene adali atangochoka ku Olimpiki ya ku Paris, ndipo Reusser ankadwala. Idabwera ndi zolinga ziwiri: jezi yachikasu ya Vollering ndi zigawo za liwiro za Wiebes. Zidali zitadziwikanso kale kuti Vollering achoka chaka chikatha. Zigawo ziwiri zoyamba Wiebes adaluza kwa Charlotte Kool, choyambacho chifukwa chosinthira magiya chakumbuyo chidathyoka atagundana ndi wina pafupi ndi mzere. Vollering adapambana chigawo chachitatu n'kuvala yachikasu.

Chigawo chachisanu chinkathera ku Amnéville. Kutatsala makilomita 6 ndi pang'ono, potuluka pa malo ozungulira, anthu ambiri adagwa pokhota, Vollering ali m'gulumo. Lamulo limati wogwa m'makilomita 3 omaliza amapatsidwa nthawi ya gulu limene adali nalo, ndipo pa zigawo zina malirewa amafika pa 5, koma apa padali kunja kwa malirewo. Zikatere, zoyenera kuchitika n'zodziwika kwa timu iliyonse. Amene ali pafupi amaima pomwepo, n'kuona ngati tcheni yagwa kapena chiwongolero chapindika, ndipo ngati njinga yawonongeka amapereka yake. Mphunzitsi amalengeza pa wailesi, onse amene ali kutsogolo amaleka kupalasa n'kudikira. Akakumana amandandalika mzere umodzi, mtsogoleri kumbuyo, aliyense n'kukoka ndi mphamvu zake zonse kwa masekondi 20 kapena 30 kenako n'kupatuka, mpaka womaliza atatheratu. Tsiku limenelo sizidatero. Vollering adadzuka mochedwa atagwira m'chiuno, kabudula atang'ambika, ndipo zidadzadziwika pambuyo pake kuti fupa la kumapeto kwa msana lidathyoka. Amene adamudikira n'kumukoka kwa kanthawi adali Mischa Bredewold yekha. Wiebes adapitirira mpaka pa mzere. Blanka Vas wa ku Hungary, wa timu yomweyo, adapambana chigawocho, ndipo adati wailesi yake sinkagwira ntchito, choncho sadadziwe zimene zidachitika kumbuyo.

Masamu ake ndi awa. M'mawa wa tsikulo Vollering ankatsogola Niewiadoma ndi masekondi 34. Adafika mphindi 1 ndi masekondi 47 pambuyo pa Vas. Pa chigawo chilichonse atatu oyamba amachotseredwa masekondi 10, 6 ndi 4, ndipo Niewiadoma pokhala wachiwiri adapata 6. Motero Vollering adagona ali kumbuyo ndi mphindi 1 ndi masekondi 19. Pa chigawo chachisanu ndi chiwiri adabweza 4, kutsala 1:15. Tsiku lomaliza adathawa pa phiri la Glandon kutatsala makilomita oposa 50, ali ndi Pauliena Rooijakkers. Pakati pa phirilo ndi Alpe d'Huez pali chigwa chopanda zitunda, malo amene mphepo imalanga munthu wokoka yekha. Rooijakkers sadathandize mokwanira, pamene kumbuyoko Lucinda Brand wa Lidl-Trek ankakoka gulu la Niewiadoma pofuna kuthandiza mtsogoleri wa timu yake. Vollering adakwera makilomita 13.8 ndi makona 21 a Alpe d'Huez n'kupambana, kupata masekondi 10. Niewiadoma adafika wachinayi, mphindi 1 ndi sekondi 1 pambuyo pake. Kuphatikiza ndi 10 aja ndi 1:11. Padatsala masekondi 4, ndipo jezi idapita kwa Niewiadoma wa Canyon-SRAM, yemwe uja ankakhala wachitatu mu 2017.

Pa liwiro la makilomita 40 pa ola, masekondi 4 ndi mamita pafupifupi 44. Pa makilomita 6 aja a ku Amnéville, Vollering ankangofunika kupulumutsa nthawi yosakwana sekondi imodzi pa kilomita, ndipo wokoka mmodzi wowonjezera akanapereka zoposa pamenepo. Ine sindiika mlandu pa Vas. Iye adali kale m'kagulu ka kutsogolo, ndipo popambana adamulanda Niewiadoma masekondi 4, kusiyana kwa 10 ndi 6. Sindikhulupiriranso kuti padali chiwembu chifukwa Vollering ankachoka. Ngozi ikachitika pa liwiro lotere, m'khutu mumangomveka phokoso la anthu angapo olankhula nthawi imodzi, ndipo mphunzitsi m'galimoto amaona pa kanema zinthu zimene zachitika kale masekondi angapo apitawo. Vuto lidali la m'mawa, pa msonkhano wa m'basi ya timu. Nkhanga zidapangana kusanapse. Timu imene ili ndi jezi yachikasu imagwirizana lamulo limodzi losafuna wailesi: ukapanda kumuona wachikasu pafupi nawe, cheuka, ndipo ukaona kuti palibe, ima. Anthu amene kwa zaka zambiri adaphunzitsidwa kuti mnzako akatsala iwe pitirira, poti timu ipambanabe, adachita zimene adazolowera.

Izi sizichotsa kuti 2024 chidali chaka chachikulu. Kopecky adapambana Strade Bianche ndi Paris-Roubaix, mpikisano wa m'misewu ya miyala ya kumpoto kwa France, adaluza Giro kwa Elisa Longo Borghini ndi masekondi 21, ndipo adasunga jezi ya utawaleza ku Zürich. Vollering adatenga Vuelta. Koma chaka chitatha, Vollering adapita ku FDJ-Suez, Reusser ku Movistar, Niamh Fisher-Black wa ku New Zealand ku Lidl-Trek, ndipo Majerus adapuma. Okwera mapiri atatu ndi wantchito wamkulu adachoka nthawi imodzi.

Chimene chidatsala ndi timu ya mipikisano ya tsiku limodzi ndi ya liwiro, ndipo pamenepo ikadali yoopsa. Ngati mukufuna kuona mmene zimakhalira maudindo akagawidwa bwino, funani makilomita atatu omaliza a Milano-Sanremo ya amayi ya mu Malichi 2025. Atatsika chitunda cha Poggio, Longo Borghini adathawa yekha ndipo zinkaoneka kuti wapita. Kopecky, atavala jezi ya utawaleza, munthu woti akanatha kudzifunira yekha chikhocho, adapita kutsogolo kwa kagulu kolondola n'kukoka mpaka kumugwira pafupi ndi mzere. Wiebes adali atabisala nthawi yonseyo, ndipo adatulukira n'kuposa Vos. Pa ntchito yotere chimene chimalakwika kawirikawiri ndi nthawi. Wokoka akatopa kutatsala mamita 400, waliwiro amatsala pa mphepo msanga ndipo ena amamudutsa. Akachedwa kupatuka, waliwiroyo amatsekeredwa ku mpanda wa m'mbali. Patangopita masabata awiri Kopecky adapambana Ronde van Vlaanderen kachitatu, woyamba mwa amayi kutero, ndipo Bredewold adatenga Amstel Gold Race.

Za mapiri zidagwera Van der Breggen, amene adatuluka m'galimoto n'kubwerera pa njinga mu 2025 atapuma zaka zitatu. Adapambana chigawo chimodzi cha Vuelta n'kumaliza wachitatu, kumbuyo kwa Vollering ndi Reusser, ndipo mu Seputembala ku Kigali ku Rwanda, pa mpikisano woyamba wa ukatswiri wa dziko lonse wa njinga za pamsewu kuchitikira mu Africa, adapata siliva polimbana ndi wotchi. Pa Tour de France Femmes ya chaka chimenecho Kopecky sadali bwino chifukwa cha kuvulala, Wiebes adatenga zigawo ziwiri ndi jezi yobiriwira ya wopata mapointi ambiri, ndipo yachikasu idapita kwa Pauline Ferrand-Prévot wa Visma-Lease a Bike. Tsiku lomaliza, pa ulendo wopita ku Châtel, Van der Breggen, ali ndi zaka 35, adathawa n'kukwera yekha phiri la Joux Plane. Kagulu kamene kadamugwira kutatsala makilomita 30 ndi angapo mudali Vollering ndi Fisher-Black, anthu awiri amene chaka chathacho ankamva mawu ake m'khutu kuchokera m'galimoto ya SD Worx.